Alice Munro ndi matamando a nkhani zake zazifupi: mafunso ndi mayankho

Ndi alembi ochepa a nkhani zazifupi omwe adatamandidwa akadali moyo monga adatamandidwira Alice Munro wa ku Canada. Alembi anzake, akonzi a magazini ndi akatswiri ozukuta mabuku ankachita ngati akupikisana pomuyamikira. Mafunso ali m'munsimu ndi a munthu wofuna kudziwa chomwe ankayamikiracho, ngati chidali choyenera, komanso chomwe chidasintha mayiyu atamwalira.

Kodi Alice Munro adali yani?

Adabadwa pa 10 July 1931 m'tauni yaing'ono ya Wingham, m'chigawo cha Ontario. Dzina la kwawo ndi Laidlaw. La Munro ndi la mwamuna wake woyamba. Bambo ake ankaweta nkhandwe n'kumagulitsa zikopa kwa osoka zovala zaubweya. Malondawo atalowa pansi adakagwira ntchito yaulonda pafakitale yosula zitsulo, kenako n'kuyamba kuweta nkhukundembo. Mayi ake adali mphunzitsi, koma matenda a Parkinson adawagwira Alice akadali mtsikana, ndipo poti adali chisamba, ntchito zapakhomo zidagwera iyeyo.

Ku University of Western Ontario adaphunzirako zaka ziwiri zokha, chifukwa thandizo la fizi lomwe adapata lidali la zaka ziwiri basi. Mu 1951 adakwatiwa n'kupita ku Vancouver, ndipo mu 1963 banjalo lidasamukira ku Victoria komwe lidatsegula sitolo ya mabuku ya Munro's Books. Ukwatiwo utatha adabwerera ku Ontario, adakwatiwanso ndi Gerald Fremlin, n'kukhazikika ku Clinton, kufupi ndi kwawo komwe. Adamwalira pa 13 May 2024 ku Port Hope ali ndi zaka 92.

Kodi adayamba kutamandidwa atangoyamba kulemba?

Ayi ndithu. Nkhani yake yoyamba idasindikizidwa mu 1950 akadali pasukulu, koma buku loyamba, Dance of the Happy Shades, lidatuluka mu 1968 ali ndi zaka 37. Zaka zonsezo ankalemba mobera nthawi, ana akagona kapena akapita kusukulu. Nkhani zina zinkawerengedwa pawailesi ya CBC, zambiri zinkabwezedwa ndi akonzi a magazini. Mu 1961 nyuzipepala ya Vancouver Sun idalemba za iye, ndipo mutu wa nkhaniyo unkati mayi wapakhomo wapeza mpata wolemba nkhani zazifupi. Kuyamikira kwa nthawi imeneyo kudali kotero: chodabwitsa sichidali lusolo, koma kuti mzimayi wapezako nthawi pakati pa kuchapa ndi kuphika.

Buku la 1968 lija lidapata mphotho ya Governor General, yomwe idali yaikulu koposa pa zolembalemba ku Canada. Kunja kwa dziko lake dzina lidayamba kumveka mu 1977, magazini ya The New Yorker itatenga nkhani yake koyamba. Kuchokera apo magaziniyo idakhala ikusindikiza nkhani zake kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo owerenga ambiri a ku America ndi ku Britain adamudziwira mmenemo.

Kwenikweni akatswiri ozukuta mabuku ankayamikira chiyani?

Mukachotsa mawu okometsera, pamatsala zinthu zitatu, ndipo chimodzi mwa izo n'chachikulu kuposa zinzake.

Chachikulucho ndi momwe amayendetsera nthawi. Nkhani yaifupi yomwe ambirife tidaphunzira kusukulu imagwira chochitika chimodzi: chiyambi, kusamvana, pachimake, mathero. Munro sadatsate njira imeneyo. Amatha kuyamba ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi akuwerenga kalata, n'kukubwezani m'mbuyo zaka makumi anayi kukaona mayi yemweyo ali mtsikana m'sitima yapamtunda, n'kulumpha kutsogolo zaka khumi m'chiganizo chimodzi, osakuchenjezani. Chochitika chomwe mlembi wina akadachiika pachimake, monga imfa, ngozi, kapena kuthawa pabanja, iye amatha kungochitchula modutsa pakati pa ndime, n'kuthera masamba asanu pa zomwe anthu adakambirana kukhitchini tsiku lotsatira. Mukafika kumapeto mumapeza kuti zomwe mudawerenga patsamba lachiwiri zatembenuka tanthauzo, ndipo mumabwerera kukaziwerenganso.

Kulumpha kotereku si kudzionetsera. Chomwe akufuna kuonetsa n'chakuti munthu samvetsa zomwe zidamuchitikira pa nthawi yomwe zikuchitikayo. Amadzazimvetsa patapita zaka, ndipo ngakhale apo amazimvetsa mokhota, mogwirizana ndi zomwe angathe kupirira. Mwiniwake adafotokozapo kuti kwa iye nkhani si msewu woti uutsate mpaka kumapeto, koma ili ngati nyumba: umalowamo, umayendayenda m'zipinda, ndipo zakunja zimaoneka mosiyana malinga ndi zenera lomwe waimapo. Ozukuta mabuku amakonda kubwereza mawu amenewa, mwina mopitirira muyeso, komabe amafotokoza bwino kamangidwe ka nkhani zake.

Chachiwiri ndi anthu ake. Ndi atsikana ndi amayi a m'matauni ang'onoang'ono a m'boma la Huron, kufupi ndi nyanja ya dzina lomwelo: aphunzitsi, anamwino, antchito zapakhomo, akazi a alimi. Ambiri a m'derali ndi zidzukulu za Asikotishi ndi Aairishi a mipingo ya Chipulotesitanti, anthu olimbikira ntchito, osakonda zolankhulalankhula, omwe amaona kudzitukumula ngati tchimo lalikulu. Mutu wa buku lake la 1978, Who Do You Think You Are?, ndi funso lomwe mphunzitsi adakalipira nalo mtsikana wanzeru yemwe adaoneka ngati akudziika pamwamba pa anzake. Manyazi a umphawi, manyazi a thupi, kulakalaka kuthawa kwanu kenako n'kumadziimba mlandu kuti udasiya mayi ako akudwala, zonsezi Munro adazilemba mosabisa komanso mosalalikira.

Chachitatu ndi chiyankhulo chosadzikongoletsa. Palibe mawu apatali, palibe ndime zoti muziloweze pamtima. Ena amati n'chifukwa chake n'kovuta kutapa chiganizo chimodzi m'nkhani zake n'kuchionetsa anthu kuti taonani luso. Mphamvu yake ili m'kalumikizidwe ka nkhani yonse.

Kodi nkhani zakezo n'zazifupidi?

Ngati mukuyerekeza ndi nkhani zazifupi zomwe zimatuluka m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata kuno kwathu, zokwana patsamba limodzi, ndiye ayi. Zambiri mwa zomwe adalemba kuyambira m'ma 1980 zimatenga masamba makumi atatu kapena anayi a buku, ndipo zina zimaposa apo. Kawirikawiri buku lake limodzi limakhala ndi nkhani zisanu ndi zitatu, mwina khumi kapena kuposerapo pang'ono. Iyi ndi mbali ina ya chifukwa chomwe ankakwanitsira kuikamo moyo wonse wa munthu: malo adali nawo.

Nanga bwanji amamuyerekeza ndi Chekhov?

Mlembi wa ku America, Cynthia Ozick, ndiye amadziwika kuti adamutcha Chekhov wathu, ndipo osindikiza mabuku adawakonda mawuwo moti ankangowaika pazikuto. Anton Chekhov, dokotala wa ku Russia yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 1860 mpaka 1904, amatengedwa ngati kholo la nkhani yaifupi yamakono. Kufanana kulipo. Onse awiri amalemba za anthu wamba akutali ndi mizinda ikuluikulu, saweruza ampangankhani awo, ndipo samanga mathero mwamphamvu.

Komatu kuyerekezaku kumabisanso kusiyana kwakukulu. Nkhani zambiri za Chekhov zimayenda chamtsogolo, kuchokera lero kupita mawa. Za Munro zimapita uku ndi uku. Chekhov amayang'ana amuna ndi akazi, olemera ndi alimi, ansembe ndi madokotala; Munro amabwerera mobwerezabwereza kwa mtsikana mmodzi yemweyo wanzeru wochokera kosauka, atavala maina osiyanasiyana. Ndipo za thupi la mkazi, chilakolako chake, mimba, ukalamba, Munro adalemba zomwe mwamuna wa m'zaka za m'ma 1800 sakadatha kulemba. Kunena zoona, mlembi aliyense waluso wa nkhani zazifupi amadzatchedwa Chekhov tsiku lina. Ndi chiyamikiro chomwe wozukuta amatola akatopa kuganiza.

Ambiri amati nkhani yake imodzi imalemera ngati buku lonse la nthano yaitali. Kodi kumeneko si kuyamikira kwakukulu?

Ndi kuyamikira, koma kuli ndi kachipongwe mkati. Wonena choncho akuvomereza kuti muyeso weniweni ndi nthano yaitali, ndipo nkhani yaifupi imakoma ikafanana ndi mkulu wakeyo. Maganizo amenewa adamuvutitsa Munro zaka zambiri. Iye mwini ankati poyamba ankaona nkhani zazifupi ngati kukonzekera chabe, kudikira tsiku lomwe ana adzakule kuti alembe buku lalitali. Adayesa kangapo, zosatheka. Buku lake la 1971, Lives of Girls and Women, lidagulitsidwa ngati nthano yaitali, koma mukaliwerenga ndi nkhani zolumikizana za mtsikana mmodzi. Mkonzi wake wa ku Canada, Douglas Gibson, ndiye amakumbukiridwa kuti adamulimbitsa mtima kuti asiye kudzikakamiza, apitirize zomwe amatha, ndipo iye adzasindikizabe.

Osindikiza mabuku amadziwa kuti mabuku a nkhani zazifupi sayenda malonda ngati nthano zazitali. Munro adali mmodzi mwa ochepa omwe adaphwanya lamulo limeneli.

Jonathan Franzen, yemwe amalemba mabuku aatali, adalemba m'nyuzipepala ya The New York Times mu 2004 pozukuta buku la Runaway kuti Munro akhoza kukhala mlembi wa nkhani zopeka woposa onse omwe ankalemba ku North America nthawi imeneyo. Mbali yaikulu ya nkhani yakeyo idali yofunsa chifukwa chomwe kutchuka kwa mayiyu kudali kochepa poyerekeza ndi luso lake, ndipo china mwa zifukwa zomwe adapereka chidali chomwechi: amalemba nkhani zazifupi.

Adalandira mphotho ziti?

Ya Governor General katatu, pa mabuku a 1968, 1978 ndi 1986. Ya Giller, mphotho inanso yaikulu ya ku Canada, kawiri, mu 1998 pa The Love of a Good Woman ndi mu 2004 pa Runaway. Mu 2009 adapempha kuti buku lake latsopano lisapikisane nawo pa Giller, kuti alembi achinyamata apeze mpata. Chaka chomwecho adalandira Man Booker International Prize, yomwe panthawiyo inkaperekedwa poona ntchito yonse ya mlembi, osati buku limodzi. Zing'onozing'ono n'zambiri.

Nanga ya Nobel idabwera bwanji?

Idalengezedwa pa 10 October 2013. Bungwe la Swedish Academy lidapereka chifukwa chachifupi kwambiri: lidamutcha katswiri wa nkhani yaifupi yamakono. Adali mkazi wa nambala 13 kulandira Nobel ya zolembalemba, komanso woyamba wokhala ndi kulembera ku Canada. Saul Bellow, yemwe adailandira mu 1976, adabadwira ku Quebec koma adakulira ku Chicago ndipo amawerengedwa ngati wa ku America.

Munro adali ndi zaka 82, thanzi lake silidali bwino, ndipo sadapite ku Stockholm; mwana wake wamkazi ndiye adakamulandirira. Miyezi ingapo izi zisadachitike adali atanena kale kuti wasiya kulemba, moti Dear Life, la 2012, lidakhaladi buku lomaliza la nkhani zatsopano. Poyankhula ndi atolankhani atamva za mphothoyo, adati akuyembekeza kuti anthu ayamba kuona nkhani yaifupi ngati luso lofunika palokha, osati choseweretsa cha mlembi yemwe akudikira kulemba buku lalitali. Alembi ambiri omwe adalandirapo Nobel adalembako nkhani zazifupi, koma yemwe mbiri yake yonse idatsamira pa nkhani zazifupi zokha n'ngosowa.

Kodi padalibe otsutsa?

Adalipo, ngakhale mawu awo ankamira m'phokoso la oyamikira. Wodziwika kwambiri ndi Christian Lorentzen, yemwe mu June 2013, miyezi inayi Nobel isadalengezedwe, adalemba nkhani yaitali m'magazini ya London Review of Books. Adawerenga mabuku ake khumi motsatizana n'kunena kuti adatuluka ali wofooka m'maganizo. Dandaulo lake lidali lakuti nkhanizo n'zofanana: matauni omwewo, chisoni chomwecho, chibwenzi chamseri, matenda, kukumbukira. Adadzudzulanso ozukuta anzake kuti amamuyamikira ngati akupemphera, osati ngati akuzukuta.

Pa mfundo yoyambayo ndimasiyana naye. Mabuku a Munro sadalembedwe kuti munthu awamwe onse nthawi imodzi. Ankatuluka patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo nkhani iliyonse imafuna tsiku lakelake. Mlembi kubwerera kumunda umodzi si mlandu ngati akukololamo zatsopano. Koma pa mfundo yachiwiri adalasa. Pofika m'ma 2000 kudali kovuta kupeza wozukuta wolemba za Munro popanda kugwada. Anthu sankayamikira nkhani zokha, ankayamikiranso chithunzi cha mwini wake: gogo wodzichepetsa wa kumudzi, wosakonda kutchuka, wanzeru zakuya pa za mtima wa munthu. Chithunzi chimenechi ndicho chidadzasweka.

Palinso ena omwe amati dziko la m'nkhani zake n'lopapatiza, la azungu okhaokha, ndipo eni nthaka a ku Canada saonekamo kwenikweni. Izi n'zoona.

Chidaululika n'chiyani atamwalira?

Pa 7 July 2024, pasadathe miyezi iwiri chimwalirireni, mwana wake wamkazi womaliza adalemba m'nyuzipepala ya Toronto Star kuti Gerald Fremlin, mwamuna wachiwiri wa mayi ake, adamuchitira nkhanza zogonana mu 1976 ali ndi zaka 9, ndipo adapitiriza makhalidwe onyansa kwa zaka zingapo. Bambo ake omubereka adamva msanga koma sadachitepo kanthu. Mu 1992, ali wamkulu, adalembera mayi ake kalata kuwauza zonse. Munro adachoka pakhomo kwa kanthawi, kenako adabwerera kwa mwamunayo ndipo adakhala naye mpaka pomwe bamboyo adamwalira mu 2013. Malinga ndi mwanayo, mayi ake adaitenga nkhaniyo ngati kuti iwo ndiwo achitiridwa chinyengo m'banja, osati kuti mwana wawo adavulazidwa.

Si nkhani ya mphekesera. Mu 2005 Fremlin adavomera mlandu kukhoti ku Ontario, ndipo makalata omwe iye mwini adalemba adali umboni. Sadalowe m'ndende, adapatsidwa chilango choimikidwa ndi zaka ziwiri zoyang'aniridwa. Nkhaniyi sidatuluke m'manyuzipepala nthawi imeneyo, ndipo wolemba mbiri ya moyo wa Munro, Robert Thacker, adavomera pambuyo pake kuti ankaidziwa koma sadaiike m'buku lake. Mwanayo adati cholinga chake chidali choti zomwe zidamuchitikira zikhale mbali ya mbiri yomwe anthu amakamba za mayi ake. Abale ake adaima naye, sitolo ya Munro's Books idalengeza kuti ili kumbali yake, ndipo Western University, yunivesite yomwe Munro adaphunzirako ija, idayamba yaimitsa udindo wa uprofesa womwe udali ndi dzina la Munro.

Ndiye kuti matamando onse aja adali olakwika?

Pano mpofunika kulekanitsa. Zomwe zidanenedwa za luso lake, kayendetsedwe ka nthawi, kamangidwe ka nkhani, khutu lake pa momwe anthu amayankhulira akamabisa kanthu, sizidasinthe. Masamba ndi omwewo. Zomwe zidagwa ndi matamando a khalidwe, aja oti wolemba mwachifundo chotere ayenera kukhala munthu wachifundo. Ameneyo adali malingaliro a owerenga, osati umboni.

Chovuta kwambiri n'chakuti nkhanizo sizili kutali ndi mlanduwo. Kwa zaka zambiri ozukuta ankamuyamikira kuti amadziwa bwino za zinsinsi za m'mabanja, za akazi omwe amasankha mwamuna m'malo mwa mwana, za anthu omwe amaona choipa n'kuyang'ana kumbali. Nkhani yotchedwa "Vandals", yomwe idatuluka mu 1993, patangotha chaka chilandirireni kalata ija, ndi ya mayi wokhala ndi mwamuna yemwe ankachitira nkhanza ana a pafupi, mayiyo osafuna kuona. Nkhani zitatu zolumikizana za m'buku la Runaway zimathera pa mayi yemwe mwana wake wamkazi wamusiya osanena chifukwa, ndipo zidalembedwa nthawi yomwe mwana wa Munro weniweniyo adali atadula ubale ndi mayi ake. Kale owerenga ankati ndi kuzama kwa maganizo. Lero ena akuti kudali kuulula mobisa, ena akuti kudali kusandutsa ululu wa mwana kukhala katundu wogulitsa.

Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake nkhanizi zikuwawa kwambiri tsopano kuposa kale. Adamvetsa bwino lomwe chomwe mayi wotero amachita kwa mwana wake, adachilemba mosaphonya, koma kumvetsako sikudamuchotse pakhomo pa bamboyo. Pali aphunzitsi omwe adachotsa mabuku ake pamndandanda wa zowerenga, ndipo pali ena omwe akuwaphunzitsabe pamodzi ndi zomwe mwanayo adalemba. Njira yachiwiriyi ndiyo ikugwirizana ndi zomwe mwini nkhani adapempha. Yemwe sangathenso kutsegula mabukuwo, makamaka amene zoterezi zidamuonekerapo, palibe chomukakamizira.

Kodi mafilimu otengedwa m'nkhani zake angalowe m'malo mwa kuwerenga?

Awiri ndi odziwika. Away from Her, ya Sarah Polley, ya 2006, idachokera pa nkhani ya "The Bear Came Over the Mountain", ndipo Julie Christie adapikisana nawo pa mphotho ya Oscar chifukwa cha filimuyo. Julieta, ya Pedro Almodóvar, ya 2016, idatenga nkhani zitatu zija za mu Runaway n'kuzisamutsira ku Spain. Onse ndi abwino, koma kamera imavutika kuchita zomwe Munro amachita ndi chiganizo chimodzi chodumpha zaka makumi awiri.

Wofuna kudziweruzira yekha ayambire pati?

"The Bear Came Over the Mountain" ndi khomo labwino, ndipo ili m'buku la 2001 la Hateship, Friendship, Courtship, Loveship, Marriage. Ndi ya bambo wina yemwe kale adali mphunzitsi wa pakoleji, amene akukasiya mkazi wake wodwala matenda oiwala kunyumba yosamalira okalamba. Lamulo la pamalopo n'lakuti asamuyendere kwa masiku 30. Pobwerera akupeza kuti mkaziyo wakondana ndi wodwala mnzake, ndipo iye akumulandira mwaulemu ngati mlendo. Bamboyo, yemwe kale ankayenda ndi akazi ena ali pabanja, sakudziwa ngati ndi matenda okha kapena akubwezeredwa. Mmenemo muli pafupifupi zonse zomwe ozukuta amayamikira.

Mukafuna Munro wachinyamata, wosavuta kutsatira, tengani buku la 1968. Mukafuna yemwe amasokoneza nthawi mpaka mutu kuzungulira, tengani Open Secrets la 1994, momwe mulinso "Vandals". Zidutswa zinayi zomaliza za mu Dear Life n'zokhudza ubwana wake ku Wingham, ndipo iye mwini adati ndizo zoyandikira kwambiri moyo wake weniweni pa zonse zomwe adalemba. Za mwana wake uja mulibemo.